Funsani Adalaivala: Aphunzitsi opuma akufuna kukaona mapiri a pa kalendala

FUNSO

Adalaivala,

Ndine mphunzitsi wamkulu wopuma. Choko ndachigwira zaka 36 ndipo ndachitula chaka chino. Mu ofesi mwanga munali kalendala yakale yokhala ndi chithunzi cha mapiri atatu ooneka ngati nkhokwe, pansi pake atalembapo kuti Three Rondavels, Blyde River Canyon. Kalendalayo inatha ntchito kalekale koma tsamba limenelo sindinalichotse pakhoma, ndipo ndinawalonjeza mayi akunyumba kuti tsiku lina tidzakaima pomwe anaima wojambulayo. Mwana wathu wachisamba amagwira ntchito ku Johannesburg ndipo watiitanira Khirisimasi. Maganizo anga ndi oti tinyamuke pa 18 Disembala pa galimoto yathu, Toyota Corolla ya 2007, tidzere ku Tete ndi ku Harare, tikaone mapiriwo masiku awiri, tikadye Khirisimasi ndi zidzukulu, tikhale titabwerako pa 30. Ndondomeko ndalemba kale, tsiku ndi tsiku, ola ndi ola. Mayi ali ndi BP, ine bondo lakumanzere limandivuta pokwera masitepe. Mukuona bwanji?

Aphunzitsi opuma, Mulanje

YANKHO

Aphunzitsi, zaka 36 za choko si zamasewera, mupume bwino. Koma pepala la ola ndi olalo mukawapatse amayi ogulitsa mandasi pa Chitakale akulungiremo malonda awo. Belu munalisiya kusukulu. Kumene mukupitako amene amalamula nthawi ndi chifunga, ndipo chifunga sichiwerenga zolembalemba za munthu.

Tiyambe ndi msewu. Ndauyenda pa thiraki zaka 22, kuyambira 1994 nkhondo ya ku Mozambique itangozirala, mpaka 2016 pamene msana unandiuza kuti basi. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,700, ndipo pasipoti mudinditsa malo asanu ndi amodzi: pa Mwanza ndi pa Zóbuè, pa Cuchamano ndi pa Nyamapanda, kenako pa Beitbridge tsidya lino ndi tsidya linalo la Limpopo. Pakati pa Harare ndi Beitbridge pokha pali makilomita 580. Munthu wa msinkhu wathuwu sayenda usiku, ndipo musayerekeze, abulu ndi ng'ombe za cha ku Masvingo zilibe magetsi akumbuyo. Ndiye ndi masiku atatu kupita, atatu kubwera. Pa masiku 13 mwawerengawo, asanu ndi limodzi mudzakhala mukuona kumbuyo kwa mathiraki.

Mwayi muli nawo umodzi, woti chikhamu cha Khirisimasi chimachoka ku Joni kulowera kumpoto pamene inu mukutsetserekera kumwera. Koma chikhamu chomwecho ndi chimene muzidzakumana nacho maso ndi maso pamsewu: magalimoto okoka ngolo zodzaza mafiriji ndi matilesi, oyendetsa ake asanagone masiku awiri. Ku Tete mu Disembala kumatentha kufika madigiri 40. Mayi a BP sindingakonde kuwaona ataima pamzere padzuwa limenelo. Onjezani mapepala a galimoto: blue book, kalata ya apolisi yotsimikiza kuti galimotoyo si yakuba, chilolezo choilowetsera m'dziko la eni chimene pa boda amangochitcha TIP, ndi inshuwalansi. Yellow Card ya COMESA imagwira ku Zimbabwe koma ku Mozambique ayi, poti dzikolo silili mu COMESA, ndiye yawo mukagula pa Zóbuè. Ma triangle awiri, jekete yonyezimira ndi chozimitsira moto zisasowe, apolisi a m'njira amayambira pomwepo. Zonsezi zimafuna madola kapena marandi, ndipo mukudziwa nokha mmene ndalama zakunja zikuvutira m'mabanki mwathumu.

Corolla isiyeni pakhomo. Kwerani ndege pa Chileka, maola awiri ndi theka mwafika, kapena basi ngati thumba lakana. Pasipoti yathu imaloledwa masiku 30 ku South Africa popanda viza, ndipo laisensi yanu imagwira ntchito kumeneko. Galimoto mukabwereke ya mwana wanu, koma aionetsetse inshuwalansi yake ngati ikulola kuti muyendetse inuyo. Yahayala imafuna khadi ya kubanki yoti agwirepo chikole chachikulu ndithu.

Tsopano za mwezi. Ine ndinapusa kale m'malo mwanu. Zaka zonse za thiraki zija mapiri amenewa ndinkangowamva, bwana salipira dalaivala kuti azikaona mathithi. Nditapuma, mwana wanga wamkazi wa ku Pretoria ndi mkamwini anatitenga mu Januwale 2018, Loweruka ndi Lamulungu lokha. Tinafika pa God's Window, malo oonerapo chigwa ali pamwamba pa phompho, tinalipira pachipata, tinakwera masitepe tikupuma wefuwefu, tinagwira chitsulo cha m'mphepete n'kusuzumira. Kuli mbuu! Ngati wayang'ana m'mphika wa phala. Mayi akunyumba anangoti, "Zenera la Mulungu lija, eni ake atseka katani." Tinabwerera ku Pretoria titangoona zithunzi za pa malaya ogulitsa.

Inu a ku Mulanje chiperoni mukuchidziwa, ndiye simuvutika kumva. Malowa ali m'chigawo cha Mpumalanga ku South Africa, m'mphepete mwa chitunda chachikulu cha Drakensberg, pamene dziko lokwera la Highveld limathera mwadzidzidzi n'kugwera ku chigwa cha Lowveld. Pa God's Window phompho lake ndi la mamita ngati 700. Mpweya wachinyezi wochokera ku nyanja ya Indian ukagunda khoma limenelo umakwera, umazizira, n'kusanduka chifunga. Kusiyana kwake n'koti chiperoni chathu chimabwera nyengo yozizira, pamene kumeneko chifunga chimakonda nyengo ya mvula, kuyambira Okutobala mpaka Malichi. Disembala wanuyo ali pakatikati penipeni, komanso ndi nthawi ya tchuthi cha sukulu, malo ogona amadzaza ndipo amakwera mtengo. Pitani mu Meyi kapena mu Juni. Kumwamba kumakhala kuli ngwee, mathithi akadali ndi madzi. Mukachedwa mpaka Ogasiti ndi Seputembala mupeza utsi wa moto wolusa utaphimba chigwa, monga zimakhalira kwathu kuno. Khirisimasi kadyeni ndi zidzukulu ngati mukufuna, koma mapiri muwapatse ulendo wawowawo.

Ife tinabwererako mu Juni 2019, awiriwiri, pa kagalimoto ka mkamwini, ndipo tinagonako masiku asanu ndi limodzi. Ndikuuzani mmene tinayendera, mutolepo zomwe zikukomereni.

Kuchoka ku Johannesburg mumatenga N12 yomwe imakalumikizana ndi N4 pa eMalahleni, kale ankati Witbank. Chigawo chimenecho n'chosasangalatsa, malasha okhaokha ndi machumuni a utsi a nyumba zopangira magetsi, komanso pali zipata zolipiritsa, musunge marandi apafupi. Pa Belfast mumakhotera pa R540 kupita ku Dullstroom, katauni ka pamwamba kwambiri, mamita oposa 2,000, kotchuka ndi nsomba za trout zonga zija ankaweta pa phiri la Zomba. Ife tinagona pomwepo, ndipo m'mawa tinapeza galasi la galimoto litachita chisanu choti n'kupala ndi khadi. Tengani majuzi enieni, osati aja a m'mawa wa ku Thyolo. Msewu wochoka ku Dullstroom kupita ku Mashishing, kale Lydenburg, tinaupeza uli maenje okhaokha, musaudutse kukuda.

Kuchoka ku Mashishing kutsikira ku Sabie ndiye pali Long Tom Pass, pa R37, makilomita oposa 50 a makona. Pamwamba pake ndi mamita 2,150. Dzinali linachokera ku mizinga ikuluikulu imene Maburu anagula ku Creusot ku France, yomwe anaombera nayo Angelezi pa phiri lomweli mu Seputembala 1900 pamene ankabwerera m'mbuyo pa nkhondo ya 1899 mpaka 1902. Chifanizo cha mzinga umodzi chili m'mbali mwa msewu, ndipo ndi malo abwino oziziritsa mabuleki ndi kumwa tiyi wa mu flasiki. Potsika mudzaona paini ndi bulugamu mpaka kumene maso alekezera, wobzalidwa m'mizere, wodula apa akubzala apo. Ine zinandiwawa mumtima, poti ndinakumbuka Chikangawa mmene analili ndisanayambe kumuona akusanduka zitsa.

Pogona sankhani pa Graskop, makilomita ngati 30 kuchokera ku Sabie, ndipo mukhazikike pamenepo masiku anayi kapena asanu osasamukasamuka. Pezani kanyumba kokhala ndi khitchini. Ufa amagulitsa m'sitolo iliyonse, nsima muziphika nokha, chifukwa mapanikeki amene tauniyi imatchuka nawo ndi okoma tsiku loyamba, lachitatu mimba imayamba kufunsa kwawo. Ubwino wokhala malo amodzi ndi uwu: m'mawa uliwonse mumatsegula katani kaye, kenako n'kusankha kopita. Kukacha koyera, thamangirani kumaphompho. Kukacha chifunga, pitani kumathithi kapena ku Pilgrim's Rest, zimene sizifuna kuona patali. Kuona maso a nkhono n'kudekha, aphunzitsi. Ife tsiku lina tinakhala m'galimoto pa Wonder View mphindi 40 tikukukuta mtedza, chifunga n'kung'ambika chokha ngati chinsalu chakutha, chigwa chonse poyera.

Za bondo lanulo. Pa God's Window malo oonera a m'munsi ali pafupi ndi poimika galimoto, amenewo mufika. Masitepe opita ku kankhalango ka pamwamba ndi otsetsereka ndipo amaterera, asiyireni achinyamata. Wonder View ili kufupi pomwepo, m'mphepete mwa msewu, ndi yokwera kuposa God's Window ndipo sipafuna kukwera kalikonse. Mathithi a Lisbon, a mamita 94, ndi a Berlin mumawaonera pamwamba, kuyenda pang'ono chabe. Pa Graskop penipeni anamangapo chikepe cha magalasi mu 2017 chimene chimakutsitsani mamita 51 kulowa m'chigwembe, pansi pake pali tinjira ta matabwa m'nkhalango. Mayi akunyumba anatsika atatsinzina, akugwira lamba wanga.

Mukatenga R532 kulowera kumpoto, pa makilomita 35 mufika pa Bourke's Luck Potholes. Ine pamenepa ndi pamene ndinakhalitsa. Mitsinje iwiri, Treur ndi Blyde, imakumana pamenepo, ndipo madzi akamazungulira amatenga mchenga ndi timiyala n'kumapera nato thanthwe, zaka zikwizikwi, mpaka kuboola maenje ozungulira osalala. Ndi mitondo yeniyeni, ina yoti mungalowemo ng'ombe, munsi wake ndi mtsinje. Miyala yake ndi yofiirira ndi yachikasu, madzi akuda bii pansi. Mumaoloka pa timilatho tachitsulo mukuyang'ana m'kati. Pali masitepe, koma ndi ndodo ndi kupumira mufika. Maina a mitsinjeyi ali ndi nkhani imene ikanakukomerani m'kalasi. Mu 1844 Hendrik Potgieter anasiya anthu ake m'mbali mwa mtsinje n'kupita ndi amuna ochepa kukafuna njira ya ku Delagoa Bay, komwe lero ndi ku Maputo. Atachedwa, otsalawo anayesa kuti afa, anautcha mtsinjewo Treur, kutanthauza chisoni, n'kunyamuka. Apaulendowo anawapeza pa mtsinje wachiwiri, umenewo n'kukhala Blyde, chimwemwe. Eni dera anali nalo kale dzina lawo, Motlatse, ndipo mudzaliona pa zikwangwani zina. Tom Bourke mwini dzina la malowa anali wofunafuna golide chabe.

Pamitondo pamenepo ndi pamene chigwa cha Blyde chimayambira, n'kuyenda makilomita 26, kuya kwake mamita ngati 800. Tsamba la kalendala yanu analijambulira kutsogolo pang'ono, kotala la ola pa galimoto. Mupiteko masana dzuwa litapendeka, cha m'ma 3 koloko, chifukwa pooneramo mumayang'ana kum'mawa, ndiye m'mawa dzuwa limakuthobwani m'maso ndipo mapiriwo amangooneka mdima. Madzulo amayaka kuti psuu. Mwati nkhokwe, ndipo simunaname: thanthwe lolimba la pamwamba linakana kukokoloka, lofewa la m'munsi linadyeka, n'kutsala zitatu zozungulira zokhala ndi timadenga tosongoka tobiriwira. Kumbuyo kwake kuli chiphiri cha Mariepskop, chotchedwa dzina la mfumu Maripi Mashile wa Amapulana amene anagonjetsa Aswazi pa nkhondo ya Moholoholo mu 1864, ndipo nkhokwe zitatuzo anazipatsa maina a akazi ake: Magabolle, Mogoladikwe ndi Maseroto. Pansi penipeni madzi a damu akuoneka ngati kagalasi kogwa m'udzu. Chigwa chimenechi n'chobiriwira, chosiyana ndi zigwa zouma za m'zipululu. Mayi akunyumba, amene sasowa chonena ngakhale pamaliro, anakhala chete mpaka ndinawacheukira. Musadumphe chitsulo chotchinga pofuna chithunzi chabwino, mphepo ya pamenepo imakankha.

Mukakhala ndi tsiku lina, kachioneni chigwachi kuchokera pansi. Mumapitirira ndi R532 mpaka pa R36, n'kutsika Abel Erasmus Pass, kudutsa mu msewu woboola phiri wa J.G. Strijdom wa mamita 133 umene unatsegulidwa mu 1959, n'kuzungulira mpaka ku Swadini. Ndi ulendo wa maola ngati awiri kuchokera ku Graskop. Pa damupo pali boti loyendetsa alendo, mulembetse dzulo lake. Kuli mvuu ndi ng'ona ngati ku Liwonde, koma chodabwitsa ndi mathithi a Kadishi, pafupifupi mamita 200, amene m'malo modya thanthwe amalimanga, poti madzi ake ali ndi laimu amene amatsalira n'kuuma. Thanthwelo limaoneka ngati nkhope ya munthu akulira. Kwa bondo lanu tsiku limeneli ndi la tchuthi, mumangokhala pampando.

Pilgrim's Rest ndi katauni ka nyumba zamalata, kotala la ola kapena kuposerapo pang'ono kuchokera ku Graskop. Golide anapezeka kumeneko mu 1873 ndi Alec Patterson, munthu amene ankayenda akukankha katundu wake pa wilibala, zaka 13 golide wa ku Johannesburg asanadziwike. Tauni yonse anaisunga ngati chikumbutso kuyambira 1986, ngakhale ife tinaipeza yotopa, masitolo ena otseka. Kumanda kwake kuli manda amodzi a mbala amene anawagoneka mopingasa, osiyana ndi ena onse. Ine ndinaima pa zida zakale za mumgodi n'kukumbuka bambo anga, amene anapita ku Joni ndi Wenela kawiri. Dziko limeneli iwo analiona kunsi kwake kokha ndi mpanda wa komponi. Ankatiuza za chikepe cha mumgodi ndi za mabulangete, za mapiri sanatchulepo. Pobwerera mudzere pa mathithi a Mac Mac, mamita 65, otchedwa choncho chifukwa cha kuchuluka kwa okumba golide a ku Scotland a maina oyamba ndi Mac. Zaka zomwezo abale awo ankafika ku Cape Maclear ndi ku Blantyre atanyamula Baibulo, awa atanyamula fosholo.

Mankhwala a BP a mayi mutenge okwanira ulendo wonse ndi sabata ina yapadera, akhale m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala. Gulani inshuwalansi ya zaumoyo ya paulendo, zipatala zolipira za kumeneko zimafuna ndalama musanagone pabedi. Zipatala zikuluzikulu zili ku Mbombela, mzinda waukulu wa chigawochi. Pa mafuta werengerani makilomita ngati 1,300 kupita, kuzungulira ndi kubwerera ku Johannesburg, ndiye pa galimoto yaing'ono ndi malita 90 kapena 100. Pafupifupi malo aliwonse oonera ali ndi chipata chakechake cholipira, ndalama zake n'zochepa koma zimaunjikana. Ndipo ndalama za ulendowu zipatuleni padera musananyamuke, zisakhudze za malata a nyumba. Tsamba la kalendala lija mulitenge.

FUNSO

Adalaivala, ndine namwino wopuma. Mng'ono wanga amakhala ku Pretoria ndipo tagwirizana zokayenda ku mapiri a ku Mpumalanga awiriwiri, tizikalandizana chiwongolero. Ine ndayendetsa zaka 15 koma mu Lilongwe mokhamokha, galimoto ya otomatiki. Mitsetse imandiopsa. Ndichite bwanji?

Mayi a ku Area 25, Lilongwe

YANKHO

Mayi, mantha anuwo ndi abwino, amene amagwa m'maphompho ndi opanda mantha. Lamulo lathu la pa thiraki ndi limodzi: giya imene wakwerera phiri ndi yomweyo utsikire. Galimoto iziigwira ndi injini, mabuleki azingothandizira. Pa otomatiki yanuyo pansi pa D pali 2 ndi L, kapena pali poti mukankhire ku chizindikiro chochotsera. Anthu ambiri amagulitsa galimoto asanazigwiritsepo ntchito. Musanayambe kutsika chepetsani liwiro, ikani pa 2, injini ilire, musaope kulirako. Liwiro likakwera pondani buleki molimba kwa kanthawi, n'kusiya kuti izizire. Choipa ndi kugoneka phazi pa buleki kuchokera pamwamba mpaka pansi. Zitsulo zimatentha, mafuta a mabuleki amawira, ndipo pa kona yachikhumi phazi limangolowa mpaka pansi ngati mwaponda nthochi yakupsa. Kuika pa N kuti musunge mafuta ndiye kudzikumbira manda.

Ndisadzitame. Ine ndemwe, wa zaka 22 pamsewu, ndinanunkhitsa mabuleki pa Long Tom chifukwa ndinatengeka ndi kuloza mapiri, kagalimoto kakang'ono ndinkakayesa choseweretsa. Fungo lake ndi ngati mphira wapsa. Mukalimva patukani pamalo otakasuka, dikirani theka la ola, ndipo musathire madzi pa zitsulo zotenthazo, zimapindika.

Sukulu muli nayo pafupi. Loweruka lina m'mawa pitani ku Dedza, mukhotere pa Masasa, mutsike Khwekhwerere mpaka pa Golomoti, mumwe fanta, mukwerenso. Mukatero kawiri, Long Tom ndi Kowyn's Pass sizikuopsaninso, poti makona ake ndi otakasuka kuposa athuwa. Chachilendo kumeneko ndi mathiraki a mitengo, ataliatali ndipo amatsika pang'onopang'ono. Khalani kumbuyo kwawo mpaka muone patali, wokuimbirani hutala aimbe. M'chifunga yatsani magetsi apansi, aakulu aja amangokubwererani m'maso.

Pali kakhalidwe kena kamene kamasokoneza alendo. Galimoto yothamanga ikakufikani kumbuyo pa msewu woongoka, eni dziko amayembekeza kuti mupatukire kuseri kwa mzere wachikasu kuti idutse, ndipo ikadutsa imaphethira magetsi a hazadi kunena zikomo. Chitani zimenezo masana okha, pamene mukuona patsogolo bwinobwino, osati pa kona kapena pa chitunda. Pa mphambano ya zikwangwani zinayi za STOP, woyamba kufika ndiye woyamba kudutsa, ndipo amatsatadi. Anyani a pa malo oimikapo magalimoto musawapatse chakudya, ndipo mawindo muzitseka, amadziwa kumene kumakhala buledi.

FUNSO

Bambo Adalaivala, ndakhala ku Randburg zaka 11. Makolo akubwera mu Julayi ndipo ndikufuna kuwatengera ku Graskop. Kodi tingaonjezere malo osungirako nyama zakutchire a Kruger tsiku limodzi? Nanga malungo?

Mwana wa ku Nkhotakota, Randburg

YANKHO

Mwanawe, wachita bwino kuwakumbuka makolo. Tsiku limodzi likwana ngati mulawirira. Kuchoka ku Graskop mumatsika Kowyn's Pass kupita ku Hazyview, makilomita ngati 40, ndipo chipata cha Phabeni chili pafupi ndi tauniyo. Lowerani pamenepo kapena pa Paul Kruger. Msewu wa ku chipata cha Numbi ndimauletsa, mlendo wa ku Germany anaphedwa ndi achifwamba kumeneko mu 2022. Mu Julayi zipata amatsegula 6 koloko m'mawa n'kutseka hafu pasiti 5 madzulo, ndipo ukachedwa kutuluka pali chindapusa. Liwiro ndi 50 pa tala, 40 pa fumbi, kutsika m'galimoto ndi pa malo ololedwa okha. Mapasipoti a makolo usaiwale, anthu a m'maiko a SADC amalipira mtengo wotsika kusiyana ndi ochokera kutsidya kwa nyanja. Julayi ndi mwezi wabwino, udzu ndi waufupi ndipo nyama zimasonkhana kumadzi.

Malungo ku Graskop kulibe, n'kozizira. Ali kumunsi, ku Kruger ndi madera ozungulira, ndipo nyengo yozizira amachepa kwambiri. Koma amene ndikumudera nkhawa ndi iweyo ndi ana ako, osati makolo. Iwo akuchokera kunyanja kumene udzudzu ndi mnansi wa tsiku ndi tsiku. Iwe zaka 11 za ku Gauteng zakuchotsera kuzolowera kumene thupi linali nako, ndipo ana obadwira kumeneko alibiretu. Funsa ku famase musananyamuke, dzolani mankhwala othamangitsa udzudzu, ndipo wina akatentha thupi m'masabata otsatira, ukamuuze dokotala kuti munali ku Lowveld ayeze magazi, chifukwa ku Randburg malungo sayamba kuwaganizira.

FUNSO

Adalaivala, mwezi ndi mwezi mumatamanda za kunja. Sapitwa ali pompano. Bwanji munthu wopuma ntchito aononge penshoni kukaona mapiri a eni?

Wokonda kwawo, Phalombe

YANKHO

Achimwene, pa msinkhu mwapambana. Sapitwa ndi mamita 3,002, Mariepskop sapitirira 2,000. Mathithi a Manchewe ku Livingstonia ndi mamita 125, a Lisbon aja 94. Koma Sapitwa amafuna miyendo, masiku awiri kapena atatu, wonyamula katundu ndi wolondolera njira, ndipo aphunzitsi a bondo aja sangafike ngakhale pa Chambe. Ku Mpumalanga tala amakufikitsa pakamwa pa phompho, pali chimbudzi, pali benchi, pali chitsulo chogwira. Kwathu kuno zoterozo n'zosowa, ndipo mlandu umenewo si wa phiri.

Wofuna ulendo wotere osadinditsa pasipoti akwere phiri la Zomba pa galimoto, akaime pa Emperor's View ndi pa Queen's View. Ku Chingwe's Hole msewu ndi woipa, pamafunika galimoto yokwera. Akatero alowere kumpoto, atsike Chiweta akuona nyanja ili pansi. Ku Livingstonia, msewu wa Golodi wochokera pa Chitimba uli ndi makona 20 okhota ngati chigongono, pa miyala ndi fumbi. Ine ndinaukwera kamodzi kumbuyo kwa pikapu, nditakhalira thumba la ufa, ndipo pa kona ina dalaivala anachita kubwerera m'mbuyo kawiri kuti akhote, ife tikuyang'ana kuphompho. Wa Corolla adzere njira ya ku Rumphi.